Magazi a Kholowa

Lolemba, Malichi 1959

A Kamwendo, mphunzitsi wa Sitandade 4, anatengedwa ndi apolisi Loweruka m'mawa. Njinga yawo ikadali pakhonde la sukulu. Palibe amene wayikhudza, ngakhale kungoyisuntha kuti isanyowe ndi mvula.

Nkhani yachiwiri. A Likoswe, ahedi athu, andiitanira mu ofesi, atseka chitseko, akunong'ona ngati tikugawana nyama yakuba. Mzungu woyendera sukulu abwera Lolemba likudzali, naini koloko, kudzandiona ndikuphunzitsa Sitandade 6. Chaka changa choyesedwa chikuthera pamenepo. Akakhutira, ntchito ndi yanga. Akapanda kukhutira, ndibwerera ku Cholo kukathyola tiyi monga anachitira atate.

"Musankhe phunziro lopanda ndale, aphunzitsi. Mbiri ayi. Mapu ayi, mapu ali ndi malire. Masiku a Emejensi ano ngakhale masamu ogawa muzisamala nawo."

Ndasankha tsamba: mmene limagwirira kuwala kwa dzuwa n'kupanga chakudya. Tsamba silinapitepo kumsonkhano, silidziwa ngati Chitaganya chotiphatikiza ndi maiko ena chija n'chabwino kapena n'choipa. Palibe munthu anamangidwapo chifukwa cha tsamba, kupatula tsamba limodzi lija, ndipo langa si limenelo.

Zofunika:
1. Kholowa wanga wam'chitini akhale mu mdima masiku awiri, kuti sitachi yense wam'masamba athe.
2. Pepala lakuda lophimba theka la tsamba limodzi, kenako chitini padzuwa.
3. Sipiliti woyera wochotsera kubiriwira.
4. Ayodini. Pomwe dzuwa linafika padzada bii, pomwe panaphimbidwa ayi.
5. Botolo la madzi obiriwira ochokera m'masamba, kuti ana amuone ndi maso klorofili, mwini ntchito yonseyi.

Ndilembe m'Chinyanja zimene ndawerenga m'buku la kulaibulale, poti chinthu chimene sungachinene m'chinenero cha amako ndiye kuti sunachimve. Kuwala sikuyenda ngati madzi a mumpopi. Kumabwera tizidutswatizidutswa ngati matalala, kalikonse ndi mtundu wake wa utawaleza. Klorofili amagwira tofiira ndi tabuluu, tobiriwira amatisiya. Choncho mtundu umene timati ndi wa tsamba ndi umene tsambalo lakana. Ana adzaseka pamenepa. Mzungu mwina adzamwetulira.

Kholowa ndamutsekera m'kabati. Mtima uli m'malo. Mantha ndi kusadziwa basi.

Lachiwiri

Ku Limbe poweruka. Sipiliti wa pepo woyatsira pulaimasi sathandiza, amadetsa mtundu. Woyera ndamupeza kusitolo ya mankhwala, pamodzi ndi ayodini. Wogulitsa wandiyang'ana nthawi yaitali. "Chilonda chake n'chachikulu bwanji, bwana ticha?"

Pamsewu wobwerera ku Chitawira asilikali aika migolo. Tsika panjinga, tsegula thumba. Botolo lalikulu, botolo laling'ono, pepala lakuda, lezala. Msilikali akuti za chiyani. Ndikuti za tsamba. Akuti tsamba lanji. Ndikuti la kholowa. Wanunkhiza sipiliti, watsokomola, wandibwezera zonse ngati munthu amene wakumana ndi wamisala koma alibe nthawi. Sindinachite mantha. Tcheni cha njinga ndicho chimagwedera.

Kunyumba: kholowa ali pabwalo, padzuwa, wathiriridwa, akusangalala!

Esinati, mkazi wanga: "Ndinamupeza m'kabati pamodzi ndi makapu, ndinati mwaiwala. Chamoyo amachitsekera mu mdima ngati mkaidi?" Mawu omalizawo wawanena motsitsa, maso ali kuzenera.

Tsiku lathunthu lapita pachabe. Ndafotokoza za sitachi. Akuti sitachi ali naye wa malaya anga, ndikafuna andigawira. Kholowa wabwerera m'kabati, kiyi ali m'thumba langa.

A Zuze, aneba athu, amagwira ntchito kunjanji ndipo ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Aona zonse pamwamba pa mpanda. "Aphunzitsi, kwathu ku Port Herald chomera chogona m'nyumba chimakhala ndi ntchito yake." Ndati inde, ntchito ya sayansi. Ati, "Ehe." Ehe ameneyo sindinamukonde.

Zowerenga za lero. Molekyulu ya klorofili, kanthu kochepetsetsa koti ngakhale makina okuzira zinthu a kuchipatala sangakaone, ili ngati nkhata yokhala ndi mchira. Kachidutswa ka kuwala kakaimenya, elekitironi imodzi, kanthu kena kakang'ono ka m'kati mwake, imadzidzimuka n'kulumphira m'mwamba. Mphamvu imeneyo molekyulu siisunga. Imapatsira inzake, inzakeyo ipatsira ina, monga timachitira ndi njerwa pomanga tchalitchi, mpaka ifike pa imodzi yapakati imene imayambitsa ntchito: madzi aswedwa, mpweya umene ife timapuma utuluka, shuga ayambika. Ogwira mazana, wolandira mmodzi. Dongosolo lokongola zedi.

Lachitatu

Ndasinja masamba a kholowa wam'dimba kuseri, m'kamtondo ka nsinjiro. Esinati akuti ndiwo za mawa zikanunkha chipatala ndidya ndekha. Ndathira sipiliti, ndasefa ndi mpango wam'thumba, ndathira m'botolo loyera. Biriwiri! Kuposa minda ya tiyi mvula itagwa.

Cha m'ma folo dzuwa latuluka. Buku limati ukaika botolo lotere padzuwa lamphamvu, kumbuyo kwake kuli chinthu chakuda, n'kuliyang'ana cham'mbali, uona china. Ndapachika jekete lakuda pamsomali, ndakweza botolo.

Psuu! Ngati magazi a mbuzi m'mbale. Ukalitembenuza kuti dzuwa lidutse m'botolomo kubwera kwa iwe, lobiriwira. Cham'mbali, magazi. Ndinaziwerenga kawiri konse, komabe thupi lachita tsemwe.

Chifukwa chake n'chomveka. M'tsamba mamolekyulu ali pamzere, wina agwira, wina alandira. M'botolo ndawabalalitsa. Elekitironi ikalumpha palibe woilandira mphamvu, ndiye imagwa kubwerera pamalo pake, mphamvuyo n'kutuluka ngati kuwala kofiira. Basi. Palibe chodabwitsa. Ndayang'ana kakhumi.

Kakhumi n'kamodzi ndamva munthu akupuma kuseri kwa mpanda. A Zuze, chipewa m'manja.

"Aphunzitsi, amenewo ndi a yani?"

Apa ndinayenera kuseka n'kunena kuti ndi inki. Koma munthu wafunsa, ndipo ine ndine mphunzitsi. Ndawauza zoona. Si magazi, ndi madzi a kholowa. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino, koma ndawonjeza kuti kunena chilungamo nkhata ya klorofili ndi nkhata imene imafiiritsa magazi a munthu n'zapachibale, mamangidwe ake ndi ofanana, kungoti m'magazi pakati pake pali chitsulo, m'tsamba pali maginiziyamu.

"Ndiye kuti mwavomera nokha kuti n'zapachibale."

Ndati mabuku ndiwo akutero. "Mabuku a azungu?" Ndati a yaninso. Avala chipewa, alowa m'nyumba chafutambuyo.

Esinati, ali pakhomo: "Mukanati ndi inki."

Lachinayi

Kholowa watuluka m'kabati, wachita chikasu pang'ono. Pepala lakuda ndamangirira ndi mapini. Tsopano chofunika ndi dzuwa la maola angapo.

Mvula. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Phiri la Soche silikuoneka n'komwe.

Anthu amene ndawapatsa moni popita kusukulu: asanu ndi awiri. Woyankha: mmodzi, bambo wina wogulitsa makala, amene ndi gonthi.

Esinati wabwera kumpopi mwamsanga kuposa masiku onse, poti amayi onse anamupatukira kuti atunge yekha. Zimene wamva kwa mnzake mmodzi wotsala:
- ndili ndi botolo la magazi;
- ndimawasandutsa obiriwira kuti asadziwike;
- azungu a Chitaganya ndiwo amagula, ine ndine kapirikoni, kazitape wawo;
- a Kamwendo ndinawapereka ndine, ndipo magaziwo ndi awo;
- m'kabati mwathu muli chinthu chosafuna dzuwa, kiyi ndimayenda naye.

Chomalizachi n'choona, ndiye vuto lake.

A Zuze anangouza akazi awo. Akazi awo anauza a kumpopi. A kumpopi anauza amuna awo, amuna awo anapita nazo kunjanji ndi kufakitale ya fodya. Aliyense wagwira, palibe wasunga. Dongosolo lomwe lija ndimalitamanda dzana. Funso ndi lakuti wolandira wapakati ndani, ndipo zimufika liti.

Kusukulu mabenchi atatu akutsogolo alibe anthu, ana adzazana kumbuyo pafupi ndi khomo. A Likoswe, chitseko chotseka: "Ndinati chopanda ndale, aphunzitsi. Simukanasankha nyongolotsi?"

Njinga ya a Kamwendo matayala aphwa.

Sindikuopa. Ndangolephera kudya, n'kutheka ndi fungo la sipiliti m'ndiwo.

Mankhwala a mphekesera ndi umboni. Mawa ndiitana aneba, ndisinja masamba iwo akuona, ndithira sipiliti iwo akuona. Munthu sangakane chimene waona ndi maso ake.

Esinati: "Maso awo omwewo ndiwo atifikitsa pano."

Lachisanu

Ndaitana anthu anayi: a Zuze, mayi Zuze, ndi amayi awiri a kumpopi. Folo koloko, pakhonde pathu, tiyi alipo.

Abwera anthu osawerengeka! Pamsewu, pampanda, ena mumtengo wa mango. Tiyi palibe wamukhudza. Wina akuti shuga wake sakudziwika kumene wachokera.

Ndaonetsa masamba. Mayi wina waluma limodzi, wavomera kuti ndi kholowa. Ndasinja. Sipiliti watsala theka la amene ndinasiya. Esinati akuti wa pepo anatha dzulo, ndipo pulaimasi sasankha. Ndathira yense wotsalayo, kutanthauza kuti wochotsera kubiriwira pa tsamba la ayodini palibenso. Zimenezo ndiziganiza pambuyo.

Ndasefa, ndathira m'botolo lachiwiri. Obiriwira. Onse avomera. Mitambo inali itatseka, ndipo kwa kanthawi zinthu zayenda bwino. A Zuze afika pafupi, anunkhiza, ati, "Fungo la chipatala basi." Ena ayamba kubwerera kwawo, okhumudwa kuti ayendera ndiwo zamasamba. Nkhani inatha pamenepo. Inatha ndithu!

Dzuwa latuluka. Ine, chitsiru chophunzira: "Dikirani, simunaone chokoma chake." Ndakweza botolo, jekete lakuda kumbuyo.

Sindimadziwa kuti mayi Zuze amathamanga chotero. Mfuu ponseponse. "Wasandutsa ife tikuona!" Mpanda wagwa mbali ya kum'mawa. Wina wagwa mumtengo wa mango. Ine ndikukuwa za elekitironi yosowa woilandira, palibe akumva.

Pakati pa zonsezi, galimoto ya apolisi, pang'onopang'ono pamsewu. Sinaime. Wokhala kutsogolo amalemba.

Apa ndakumbukira chimene munthu wowerenga ngati ine anayenera kukumbukira m'mawa: masiku ano misonkhano njoletsedwa. Ndachititsa msonkhano pakhonde panga, nditaima pasitepe, dzanja m'mwamba, botolo m'dzanja, khamu likukuwa.

Zowonongeka: mpanda, makapu awiri, ndi kholowa wam'chitini. Wapondedwa, tsamba la pepala lakuda lathothoka. Mwa zinthu zisanu za Lolemba zija, zatsala ziwiri, ndipo chimodzi mwa izo ndicho chandiputira zonsezi.

Loweruka

Afika seveni koloko, nditameta tsaya limodzi. Sajeni wamkulu thupi, ndi wapolisi wina wonyamula thumba la chiguduli. Aulemu ndithu: aodira, apukuta nsapato. Esinati wakhala pampando wapakona ndipo sanadzuke mpaka atapita, ngakhale kukawatungira madzi. Buku ndikulembamo linoli anali atalikhalira.

Atenga:
- mabotolo awiri obiriwira;
- ayodini;
- pepala lakuda ndi lezala;
- kamtondo ka nsinjiro (apa Esinati anatsala pang'ono kudzuka);
- kholowa wopondedwa, ndi chitini chake;
- kope la phunziro langa la Lolemba, lonse.

Sajeni watsegula kope pamene ndinajambula mamolekyulu ndi mivi yoloza pakati. "Mivi yonseyi ikuloza nyumba ya yani?" Ndati si nyumba, ndi njira ya mphamvu, wina kupatsira wina mpaka ifike pakati. "Wina kupatsira wina," walemba. "Alipo angati?" Ndinayenera kutseka pakamwa. Ndati mazana angapo. Walemba.

Kenako: "Tamva nkhani ziwiri, aphunzitsi. Ena akuti mukukonza mabotolo otenthera nyumba za boma. Ena akuti mumapopa magazi kugulitsa ku boma lomwelo. Tithandizeni, zoona ndi ziti, poti pafomu pali mzere umodzi."

Ndati zonse ayi. Wakweza botolo m'chipinda muja, lobiriwira. "Nanga lofiira lija mwabisa kuti?" Ndati ndi lomwelo. Esinati watsokomola kawiri. Ndamumva bwinobwino. Koma ndikanakhala chete akanasanthula nyumba yonse kufuna botolo lachitatu, mpaka pampando wapakona. Ndawatulutsa panja. Dzuwa, limene ndalifuna sabata yonse, lili pompo. Ndawaimika cham'mbali, khomo lamdima kumbuyo.

Sajeni sanathawe. Wayang'ana nthawi yaitali. Watembenuza, biriwiri. Wabweza, psuu. Katatu konse. "Mayo," motsitsa. Wandifunsa chifukwa chake, ndafotokoza, ndipo wamvetsera mpaka kumapeto, munthu woyamba sabata ino. Ati, "Ndiye kuti zafiira chifukwa chosowa pokatula katundu." Ndati mwakhoza, bwana sajeni. Akanakhala mwana wa m'kalasi mwanga ndikanamuika benchi lakutsogolo.

"Ana a sukulu mumawaonetsa zimenezi?" Ndati ndimafuna kutero Lolemba. "Lolemba mudzaonetse bwana wathu. Naini koloko, kupolisi. Mubwere nokha, tisachite kudzakutengani."

Ndati naini koloko ndili ndi woyendera sukulu. Ati woyendera sukulu akakwiya amalemba lipoti, bwana wawo akakwiya amatumiza galimoto, ndisankhe ndekha.

Botolo lija sanaliike m'thumba. Walinyamula yekha, ndi manja awiri, ngati mwana wopita naye kuubatizo.

Tsaya linalo ndameta masana. Ndadzicheka pawiri. Ayodini ali m'manja mwa boma.

Lamulungu

Kutchalitchi benchi lonse lathu, ine ndi Esinati, malo okwana anthu khumi. Sindinakhalepo motakasuka chotero. Potuluka a Zuze apereka moni wa dzanja kwa onse pakhomo; pofika pa ine dzanja lawo lakumbukira kolala. "Ine sindinauze munthu, aphunzitsi. Akunyumba okha." Ndikuwakhulupirira. Buku limateronso: palibe molekyulu imene imanyamula mphamvu ulendo wonse.

A Likoswe atumiza kakalata kopanda dzina. Mawa adzauza mzungu kuti ndadwala malungo, ndipo Sitandade 6 idzaimba nyimbo. Za chaka choyesedwa sanalembe kanthu. Ku Cholo tiyi ali pa nyengo yake, manja akufunika.

Chinthu china chimene ndikuchidziwa ndipo ndikanakonda kusachidziwa: klorofili wam'botolo akakhalitsa padzuwa amafa. Madziwo amasanduka odera ngati tiyi wozizira, osabiriwira, osafiiranso. Ngati sajeni waika mabotolo pazenera kuti anzake azidzaona, ndipo ndikudziwa kuti waika, pofika mawa ndidzakhala ndikufotokoza chinthu chimene kulibe. Nanga akandifunsa kuti magazi aja apita kuti?

Esinati wandikonzera bulangeti, sopo ndi mbatata zophika. Ndati ndikungopita kukafotokoza. "A Kamwendo anapitanso kukafotokoza." Wamanga mtolo, wamasula, waikamo juzi, wamanganso. "Akakufunsani china, muziyankha chimene afunsa chokha. Za chibale cha magazi musiye kuno."

Ndiwo za lero kholowa, wopanda nsinjiro.

Ndathyola masamba atsopano kudimba, ndawakulunga m'nsalu yonyowa. Kamtondo kali kale kupolisi, sipiliti ndikapempha. Phunziro ndaloweza, kope kapena popanda kope. Njinga ndiisiya m'nyumba, osati pakhonde. Ndipita wapansi.

Mawa naini koloko ndiphunzitsa mmene tsamba limagwirira kuwala, monga ndinakonzera. Kalasi yokha ndiyo yasintha. Popanda dzuwa sakhulupirira kuti botolo limafiira. Ndi dzuwa akhulupirira. Esinati akupemphera kuti kukhale mitambo. Ine sindinasankhebe.